Galu wa Mtundu Kapena Wosakaniza? Phunziro kwa Oweta ndi Ogula Agalu

M'mawadi ambiri a boma lino malonda a agalu akula. M'mbali mwa misewu ikuluikulu, pamisika ya pasabata, ngakhalenso pa WhatsApp ndi Facebook, achinyamata akutsatsa tiagalu timene amati n'ta mtundu. Ogula nawo sakusowa, pakuti umbava wa mbuzi, nkhuku ndi katundu wa m'magolosale wachititsa mabanja ambiri kufuna galu woopsa pakhomo. Ena amagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti apeze kagalu kamodzi. Pakapita masabata awiri kagaluko kamayamba kusanza ndi kutsekula magazi, kenaka kamafa. Kwina kamakula bwino, koma kamasanduka galu wosasiyana konse ndi wa mnansi amene anachita kupatsidwa ulere. Kwinanso kamakuladi n'kukhala chilombo chimene mwini wake sangathe kuchidyetsa kapena kuchilamulira, ndipo tsiku lina chimaluma mwana wopita kusukulu.

Zonsezi zimachitika chifukwa anthu ambiri amagula ndi kuswanitsa agalu asanadziwe kuti mtundu n'chiyani, ana amatengera bwanji makolo awo, ndiponso galu wotani amene angayenere pakhomo lawo. Phunziroli lakonzedwa kuti liwerengedwe m'mabanja ndi kukambidwa pamisonkhano ya makomiti a chitukuko a m'midzi.

Kodi galu wa mtundu ndi wotani?

Agalu onse a padziko lapansi ndi nyama imodzi. Anachokera ku mimbulu yakale ya kumaiko ozizira a kumpoto, ndipo akhala ndi anthu kwa zaka zosachepera 14,000. N'chifukwa chake galu wa ku Germany akhoza kubereka ana ndi galu wa m'mudzi muno popanda vuto. Kusiyana kwa matupi, ubweya, makutu ndi khalidwe kunabwera chifukwa cha malo amene agaluwo ankakhala ndi ntchito zimene anthu ankawasankhira, monga kusaka, kuweta nkhosa ndi kulondera.

Pachiyambi anthu sankalemba mibadwo ya agalu. Mlenje ankangokweretsa galu wake waliwiro ndi wina waliwiro. Kulemba kunayamba posachedwapa, makamaka ku Britain. Chionetsero choyamba cha agalu chodziwika bwino chinachitikira mumzinda wa Newcastle mu 1859, ndipo mu 1873 ku London kunakhazikitsidwa bungwe la Kennel Club, limene linayamba kusunga kaundula wa agalu ndi makolo awo. Kumwera kwa Africa kuno bungwe lotere linayamba mu 1891, ndipo lero limatchedwa Kennel Union of Southern Africa. Bungwe la FCI, limene linakhazikitsidwa mu 1911 ndipo limagwirizanitsa mabungwe a m'maiko ambiri, limazindikira mitundu yoposa 350.

Malinga ndi mabungwe amenewa, galu wa mtundu weniweni ndi amene atate ake, amake, agogo ake ndi makolo ena a m'mbuyo onse ali a mtundu umodzi, ndipo analembedwa m'kaundula. Mtundu uliwonse uli ndi muyeso wolembedwa wofotokoza msinkhu, maonekedwe a mutu, ubweya ndi khalidwe. Kaundulayo akatsekedwa, galu wakunja saloledwanso kulowetsa magazi ake. Motero maonekedwe okha si umboni. Kagalu ka makutu oima ndi msana wakuda sikakhala German Shepherd chifukwa cha makutu ndi msanawo.

Mitundu itatu imene imatchulidwa kwambiri

German Shepherd, amene ambiri amamutcha galu wa apolisi, anayambitsidwa mu 1899 ndi msilikali wa ku Germany dzina lake Max von Stephanitz. Iye anagula galu mmodzi woweta nkhosa, namutcha Horand von Grafrath, namulemba kukhala woyamba m'kaundula. Pofuna kukhazikitsa maonekedwe ndi nzeru za galuyo, ana ndi adzukulu ake ankakweretsedwa pachibale. German Shepherd weniweni aliyense lero amachokera ku gulu laling'ono limenelo.

Rhodesian Ridgeback ndi wa kufupi konkuno. Muyeso wake unalembedwa mu 1922 ku Bulawayo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, motsogozedwa ndi Francis Barnes. Galuyu amadziwika ndi mzere wa ubweya wa pamsana umene umayang'ana kumutu pamene ubweya wina wonse ukuyang'ana kumchira. Mzerewu anautengera kwa agalu a anthu a mtundu wa Khoikhoi, amene anasakanizidwa ndi agalu obwera ndi Azungu. Boerboel naye ndi wa ku South Africa, kumene alimi ankamuweta kuti azilondera mafamu, ndipo wamphongo wamkulu amatha kupitirira makilogalamu 60.

Mbiriyi ili ndi phunziro lake. Mtundu uliwonse umene lero ukutchedwa weniweni unayamba ndi agalu osiyanasiyana amene anthu anawasankha ndi kuwasakaniza. Ridgeback amene amagulidwa ndi ndalama zambiri ali ndi magazi a galu wa m'mudzi wa ku Africa.

Galu wachikuda si wosakaniza

Anthu ambiri amaganiza kuti galu wachikuda ndi zotsalira za mitundu ya Azungu imene inasokonekera. Zimenezi si zoona. Agalu a m'midzi ya kumwera kwa Africa anafika pamodzi ndi makolo amene ankalima, kuweta ziweto ndi kusula zitsulo, zaka zoposa 1,000 zapitazo, Mzungu asanaponde kuno. Mu 1998 ku South Africa kunakhazikitsidwa bungwe loteteza agalu amenewa, lotchedwa Africanis Society of Southern Africa, ndipo mmodzi mwa oyambitsa ake anali Johan Gallant.

Galu wachikuda sanasankhidwe ndi bungwe lililonse. Anasankhidwa ndi dzuwa, njala, nkhupakupa ndi uzimba. Wofooka ankafa asanabereke, wolimba ankasiya ana. Zotsatira zake ndi galu wa thupi lopepuka, ubweya waufupi, mphuno yaitali ndi miyendo yothamanga, amene amapirira kutentha, amakhuta ndi chakudya chochepa, amaswa yekha popanda thandizo, ndipo amadziwa kukhala ndi nkhuku, mbuzi ndi ana pabwalo limodzi. Amathamangitsa anyani ndi apusi kumunda, ndipo usiku amauwa mlendo akadali patali. Akuluakulu anamuona bwino pamene anati galu wamkota sakandira pachabe.

Choncho pali magulu atatu oyenera kusiyanitsidwa. Pali galu wa mtundu wolembedwa, pali galu wachikuda, ndipo pali galu wosakaniza, amene makolo ake ndi a mitundu iwiri kapena kuposerapo. Agalu ambiri amene amagulitsidwa m'misewu ndi dzina la haibulidi ali m'gulu lachitatuli.

Mmene ana amatengera makolo

M'thupi la chamoyo chilichonse muli timbewu tachibadwa tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha majini. Dzinali silikhudzana ndi mizimu. Timbewuti ndi timene timalamula kuti galu akhale wakuda kapena wofiira, wamtali kapena wamfupi. Timakhala tiwiritiwiri: kamodzi kochokera kwa atate, kena kwa amake. Malamulo a katengeredwe kameneka anawatulukira Gregor Mendel, wansembe wa mumzinda wa Brno, amene anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake wa nsawawa mu 1866.

Mendel anapeza kuti timbewu tina n'tamphamvu, moti kamodzi kokha n'kokwanira kuonekera, pamene tina timabisala ndipo timaonekera pokhapokha mwana atalandira tiwiri tofanana. Mwa agalu a mtundu wa Labrador, ubweya wakuda umaphimba wa khofi. Agalu awiri akuda amene aliyense wabisa kambewu ka khofi akhoza kubereka mwana wa khofi, ndipo mwayi wake ndi umodzi mwa inayi pa mwana aliyense. Mwini wake akhoza kuganiza kuti galu wina analowerera, pamene mtunduwo unali m'makolo omwewo.

Matenda ambiri otengera kumtundu amayenda mwa njira yomweyi. Pali khungu lina limene limagwira agalu pang'onopang'ono mpaka maso kufa, ndipo limachokera ku kambewu kobisala. Galu amene ali nako kamodzi amaona bwino ndipo palibe angamukayikire. Akakweretsedwa ndi wina amenenso ali nako, mwana mmodzi mwa anayi aliwonse ali pangozi yochita khungu. Mwambi uja wakuti make mbuu, mwana mbuu ndi woona, koma pa nkhani ya majini mwana amathanso kutulutsa zimene make anabisa.

Kuopsa kokweretsa pachibale

Agalu awiri osakhala pachibale sakhala kawirikawiri ndi kambewu koipa kofanana. Koma achibale anatengera kwa kholo limodzi, choncho mwayi woti onse awiri abise chilema chimodzi ndi waukulu. Akatswiri amawerengera ngoziyi. Galu akakwera mwana wake, kapena mlongo wake wa bere limodzi, mlingo wa chibale mwa ana obadwawo umakhala 25 pa 100. Akakhala a tate mmodzi koma amayi osiyana, umakhala 12.5 pa 100. Akakhala asuweni, umatsika kufika pa 6.25 pa 100. Mlingowu ukamakwera m'badwo ndi m'badwo, ana amabadwa ochepa, ambiri amafa ali akhanda, ndipo otsala amakhala ofooka ku matenda.

Vutoli lasautsa mitundu ina yotchuka. Agalu ambiri a mtundu wa Dalmatian amabadwa ogontha. Bulldog ndi Pug anasankhidwa mibadwo yambiri kuti akhale ndi nkhope yophwatalala, ndipo lero amavutika kupuma, makamaka kukatentha. Bulldog ambiri sangathe kuswa okha chifukwa mitu ya ana ndi yaikulu, moti amachita kuwang'amba. Mu 2008 wailesi ya kanema ya BBC inaulutsa pulogalamu yotchedwa Pedigree Dogs Exposed, yoonetsa mavuto amenewa, ndipo mu 2009 Kennel Club inaleka kulemba ana obadwa pakati pa kholo ndi mwana wake kapena pakati pa galu ndi mlongo wake.

Kuno ngoziyi ndi yaikulu chifukwa agalu a mtundu ndi ochepa. Munthu amagula tiana tiwiri ta bere limodzi, kamphongo ndi kakakazi, n'cholinga choyamba bizinesi. Tikakula amatikweretsa, kenaka tate uja amakweranso ana ake. Pofika m'badwo wachitatu dzina la mtundu likadalipo, koma thanzi lapita. Alimi a mbuzi amadziwa kale kuti tonde sayenera kukhalitsa m'khola limodzi, ndipo amasinthana atonde ndi anzawo a midzi ina. Nzeru yomweyo ndi yofunika kwa oweta agalu.

Kusakaniza: phunziro la chimanga ndi nkhuku

Mlimi aliyense amadziwa khalidwe la chimanga cha haibulidi. Chaka choyamba chimabereka kwambiri ndipo mbewu zonse zimafanana msinkhu. Koma akabzala njere za m'nkhokwe chaka chachiwiri, m'munda mumatuluka chimanga chosiyanasiyana ndipo zokolola zimatsika. Chimodzimodzinso nkhuku za mikolongwe, zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp, zikasakanizidwa ndi zachikuda: ana oyamba amakula msanga kuposa achikuda ndipo amapirira kuposa a mikolongwe, koma mibadwo yotsatira sikhala yofanana.

Agalu amatsata lamulo lomweli. Mwana woyamba wa German Shepherd ndi galu wachikuda nthawi zambiri amakhala wamphamvu, chifukwa timbewu toipa tobisala ta mbali imodzi timaphimbidwa ndi tabwino ta mbali inayo. Koma agalu awiri osakaniza akakwerana, ana awo amatuluka mosiyanasiyana: wina wamkulu, wina wamng'ono, wina wolimba mtima, wina wamantha. Palibe wogulitsa angalonjeze moona mmene kagalu kotere kadzakhalire.

Apa ndiye pali ubwino weniweni wa galu wa mtundu: wogula amadziwiratu msinkhu, maonekedwe ndi mbali yaikulu ya khalidwe lake. N'chifukwa chake apolisi ndi makampani a zachitetezo amakonda agalu a mitundu yodziwika, pakuti sangataye miyezi yambiri akuphunzitsa galu amene sakudziwa kuti adzakula bwanji.

Kusakaniza nakonso sikuchotsa matenda onse. Ku University of California ku Davis, m'dziko la America, akatswiri anaunika mbiri za kuchipatala za agalu oposa 27,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Pa matenda 24 otengera kumtundu, 10 ankapezeka kwambiri mwa agalu a mtundu, 13 ankapezeka mofanana mbali zonse, ndipo amodzi okha ndi amene ankachuluka mwa osakaniza. Vuto la mafupa a m'chiuno osalumikizana bwino, limene limapundula agalu ambiri a matupi olemera, linali m'gulu la matenda ogwira mbali zonse. Galu wodwala akasakanizidwa ndi wa mtundu wina, ana ake akhoza kudwalabe. Chofunika koposa dzina la mtundu ndi thanzi la makolo awiriwo.

Nyengo, matenda ndi chakudya

Galu wobwera amakumana ndi adani amene makolo ake sanawadziwe. Woyamba ndi nkhupakupa, zimene zimafalitsa matenda owononga magazi. Galu wodwala amatentha thupi, amakana chakudya, nkhama zake zimayera, ndipo nthawi zina amatuluka magazi m'mphuno. German Shepherd amadziwika kuti amagonja msanga ku amodzi mwa matendawa, otchedwa ehrlichiosis, moti pa nkhondo ya ku Vietnam asilikali a America anataya agalu ambiri a mtunduwu chifukwa cha nthenda imeneyi. Mdani wachiwiri ndi kutentha. Galu wa ubweya wambiri kapena wa mphuno yaifupi akamangidwa padzuwa mwezi wa Okutobala popanda mthunzi ndi madzi akhoza kufa tsiku lomwelo.

Mdani wachitatu ndi parvo, nthenda imene inayamba kufala padziko lonse mu 1978. Imagwira kwambiri tiagalu, ndipo zizindikiro zake ndi kusanza ndi kutsekula magazi onunkha kwambiri. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, choncho banja limene kagalu kawo kafa ndi nthendayi lisafulumire kubweretsa kena kosabayitsa pabwalo lomwelo. Parvo amapha wachikuda ndi wa mtundu yemwe, ndipo chitetezo chake ndi katemera.

Pa chakudya, galu wa makilogalamu 60 sangakhale ndi moyo ndi mkute wa nsima. Amafuna phala la mgaiwa kapena gaga losakaniza ndi zakudya zomanga thupi, monga bonya, usipa, soya wokazinga kapena zotsala za kubutchala, tsiku lililonse kwa zaka pafupifupi 10. Banja liyenera kuwerengera ndalamazi lisanagule, ndi kuziyerekeza ndi fizi ya ana ndi feteleza. Galu wachikuda nayenso si woti azingodya za kudzala. Akamadyetsedwa bwino, kumwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba ndi kusambitsidwa mankhwala a nkhupakupa, amasintha moti anthu amayamba kufunsa kuti ndi wa mtundu wanji.

Kaswanitsidwe koyenera

Galu wamkazi amayamba kufuna mphongo ali ndi miyezi 6 mpaka 12, ndipo a mitundu ikuluikulu amachedwerapo. Nyengoyi imabwera pafupifupi kawiri pachaka ndipo imatha masabata awiri kapena atatu. Si bwino kumukweretsa nyengo yoyamba, chifukwa thupi lake limakhala lisanakhwime. Woweta wanzeru amadikira mpaka galuyo atayandikira zaka ziwiri, ndipo amamupumitsa nyengo imodzi pakati pa bere ndi bere.

Asanakweretse, woweta ayang'ane zinthu zinayi mwa mphongo ndi mkota yemwe. Choyamba, asakhale pachibale. Chachiwiri, akhale athanzi: osatsimphina, osagwa khunyu, a maso ndi khungu labwino, obayitsa katemera. Chachitatu, kumaliseche kwawo kusakhale zotupa zotuluka magazi, pakuti pali khansa ina ya agalu imene imapatsirana pokwerana, ndipo ndi yofala mwa agalu oyendayenda. Nthendayi imachizika kwa dokotala wa ziweto. Chachinayi, khalidwe likhale labwino. Galu amene amaluma ana a pakhomo pomwe, kapena wamantha kwambiri moti amaluma chifukwa cha mantha, sayenera kusiya mbewu ngakhale atakongola chotani.

Mkota amene ali pa nyengo ayenera kutsekeredwa nyengo yonseyo. Akakweredwa ndi agalu awiri m'masiku omwewo, bere limodzi likhoza kukhala ndi atate awiri. Ichi ndicho chifukwa chake munthu amene analipira kuti galu wake akweredwe ndi mphongo ya mtundu amadabwa kuona ana ena akufanana ndi galu wa kuseri kwa mpanda. Agalu akakwerana amakhala ogwirana kwa mphindi zingapo, nthawi zina mpaka theka la ola. Zimenezi n'zachibadwa. Kuwagenda, kuwathira madzi kapena kuwakoka kumavulaza onse awiri, ndipo makolo ayenera kuletsa ana khalidwe limeneli.

Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63. Mkota apatsidwe malo ouma, aukhondo ndi obisika, ndipo chakudya chiwonjezeredwe kumapeto kwa bere ndi nthawi yoyamwitsa. Ana amabadwa osaona ndipo amatsekula maso pakati pa masiku 10 ndi 14. Mankhwala a njoka za m'mimba amayamba ali ndi masabata awiri, ndipo katemera woyamba wa parvo ndi matenda ena amabayidwa ali ndi masabata 6 mpaka 8, n'kubwerezedwa monga mlangizi wa ziweto anganenere. Ana asachotsedwe kwa make asanakwanitse masabata 8, chifukwa m'masabata amenewa ndi mmene amaphunzira kwa make ndi abale awo kusewera popanda kuluma mopweteka.

Kudula mchira kapena makutu sikuwonjezera ukali ngakhale nzeru. Kumangopweteka galu ndi kumuika pangozi ya zilonda. Kumudyetsa tsabola kapena chamba, kumumenya, kapena kumutsekera mumdima kuti aluse kumabala galu wosadziwa kusiyanitsa mbava ndi mwana wa mnansi. Mlonda wabwino ndi galu amene amadziwa anthu a pakhomo, amamva mawu a mwini wake, ndipo amachenjeza pakafika mlendo.

Amene sakufuna kuswanitsa apite ndi galu wake kwa dokotala wa ziweto kuti akamufule ngati ndi wamphongo, kapena akamutseke kubereka ngati ndi wamkazi. Galu wofulidwa sasiya kulondera, ndipo amachepetsa kuyendayenda. Kufula ndi mpeni kapena mphira pakhomo ndi nkhanza ndipo kumapha agalu. Ana osafunidwa amene amatayidwa kudambo kapena kumsika ndi amene amasanduka agalu opanda mwini.

Pogula kagalu

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kagalu konenepa kamene kali m'manja mwa wogulitsa pamsewu kakhoza kukhala kotupa mimba ndi njoka, kochotsedwa kwa make kasanakwane, kapenanso kobedwa. Wogula apite kumene kagaluko kanabadwira, aone make, ndipo ngati n'kotheka aonenso tate wake. Afunse ngati makolowo ali pachibale. Apemphe khadi la katemera lokhala ndi tsiku ndi siginecha ya amene anabaya. Ngati wogulitsa akunena kuti galuyo ndi wa mtundu wolembedwa, aonetse chikalata cha mibadwo chochokera ku bungwe lodziwika. Popanda chikalatacho, mtengo ukhale wa galu wosakaniza. Kagalu kabwino kamakhala kochangamuka, ka maso owala, kopanda mamina, ka nkhama zofiirira ndi ubweya wosathothoka. Amene akufuna galu wamkulu ngati Boerboel ayambe wamanga mpanda wolimba, pakuti galu akaluma munthu kapena kupha chiweto cha mnansi, mlandu umagwera mwini wake.

Chiwewe sichifunsa mtundu

Nkhani ya agalu ndi ya chitukuko chifukwa imakhudza moyo wa anthu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Pafupifupi 40 mwa 100 aliwonse a omwalirawo ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, wodwala sachira. Koma agalu 70 mwa 100 aliwonse a m'dera akabayidwa katemera chaka ndi chaka, nthendayi imaleka kufala. Zimenezi n'zotheka m'dziko muno: mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha.

Galu wogulidwa ndi ndalama zambiri ndi galu wopatsidwa ulere onse amagwidwa chiwewe mofanana. Aliyense abayidwe akakwana miyezi itatu, ndi kubwereza chaka chilichonse alangizi a ziweto akalengeza katemera m'dera. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa ndi galu, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyo ikanenedwe kwa mlangizi wa ziweto. Pa 28 Sepitembala chaka chilichonse maiko amakumbukira tsiku lolimbana ndi chiwewe, ndipo cholinga chimene anagwirizana n'chakuti pofika 2030 pasakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa galu.

Zoyenera kukambirana m'mawadi

Banja la kumudzi limene likufuna mlonda wa khola ndi munda lidzapeza zonse mwa galu wachikuda wosamalidwa bwino. Wamalonda amene ali ndi mpanda, ndalama za chakudya ndi nthawi yophunzitsa akhoza kupindula ndi galu wa mtundu wogulidwa kwa woweta woona mtima. Wachinyamata amene akufuna kuyamba bizinesi yoswanitsa agalu ayambe ndi makolo athanzi osakhala pachibale, asunge kabuku kolembamo mibadwo, masiku okweretsa ndi katemera, ndipo auze ogula zoona. Kasitomala amene wanamizidwa kamodzi sabweranso, ndipo amachenjeza anzake.

Makhansala, mafumu ndi makomiti a chitukuko akupemphedwa kuika mafunso awa pamisonkhano yawo ikubwerayi. Kodi m'mudzi uno muli agalu angati, ndipo ndi angati amene anabayidwa katemera wa chiwewe m'miyezi 12 yapitayi? Kodi ana a agalu osafunidwa amapita kuti? Kodi oweta angagwirizane bwanji kuti azisinthana mphongo ndi midzi ina? Kodi ana a sukulu akudziwa chochita akalumidwa? Mayankho aperekedwe kwa mlangizi wa ziweto wa m'deralo kapena ku ofesi ya zaulimi ya khonsolo, kuti athandize pokonza katemera wa chaka chamawa.